Mtsutso wa ofuna upulezidenti pa kanema: kodi tingadziwiretu amene adzawale? Mafunso ndi mayankho

Chisankho chikamayandikira, nkhani ya mtsutso imadzutsa mapokoso m'minibasi, pa bawo ndi m'magulu a WhatsApp. Aliyense amakhala ndi munthu wake amene akuti akawaphwasula anzakewo. Apa tasonkhanitsa mafunso amene amabwera mobwerezabwereza pa nkhani yolosera mmene opikisana adzachitire. Zitsanzo tazitenga kuno kwathu komanso ku America, kumene mwambowu ndi wakale ndipo anthu ausanthula mokwanira.

Kodi mtsutso umasiyana bwanji ndi msonkhano wokopa anthu?

Pa msonkhano mtsogoleri amalankhula zimene wafuna, kwa nthawi imene wafuna, kwa anthu ovala nsalu za chipani chake amene amawomba m'manja ngakhale angotsokomola. Pa mtsutso pali wotchi, pali wofunsa mafunso, ndipo pambali pake paima wopikisana naye amene akungodikira kuti mnzake aphonye. Onse amayankha mafunso ofanana dziko lonse likuonera.

Mtsutso woyamba wa ofuna upulezidenti pa kanema ku America unachitika pa 26 Seputembala 1960 mumzinda wa Chicago, pakati pa John Kennedy ndi Richard Nixon, ndipo anthu pafupifupi 70 miliyoni anaonera. Kenaka panadutsa zisankho zitatu popanda mtsutso mpaka mu 1976. Ku Kenya anayamba mu 2013. Kuno ku Malawi tinayamba mu 2014, pamene mabungwe angapo motsogozedwa ndi bungwe la atolankhani la MISA Malawi anakonza mitsutso chisanafike chisankho cha pa 20 Meyi.

Ndiye n'zotheka kudziwiratu amene adzachite bwino?

N'zotheka ndithu, koma anthu ambiri amalephera chifukwa amasakaniza mafunso osiyana. Kodi munthuyo adzabwera? Akabwera, adzayankha bwanji? Mawa lake anthu adzati wapambana ndani? Nanga mavoti adzasuntha? Loyambalo n'losavuta kulosera. Lachiwiri limafuna kuti munthuyo mukhale mutamumvetsera mofatsa. Lachitatu limadalira zinthu zimene sizichitikira pa nsanja n'komwe. Lomalizalo yankho lake nthawi zambiri ndi lakuti ayi, ndipo tafotokoza kumunsiku.

Chifukwa chiyani ena sabwera? Kodi zimenezi zimaoneka patali?

Zimaonekeratu. Wandale amabwera ku mtsutso pamene akuona kuti ali ndi chopindula, ndipo amakana pamene akuona kuti ali ndi chotaya. Amene ali pampando, kapena amene akudziwa kuti ali patsogolo, safuna kuima mzere umodzi ndi anthu amene onse adzamuloza chala iye yekha usiku wonse.

Mbiri yathu ikuchitira umboni. Mu 2014 Joyce Banda, ali pulezidenti, sanapite. Mu 2019 Peter Mutharika, ali pulezidenti, sanapite, ndipo pa nsanja panaoneka Lazarus Chakwera, Saulos Chilima ndi Atupele Muluzi. Mu 2025, pa mtsutso wa mu Ogasiti ku Lilongwe, Chakwera amene tsopano anali pampando sanapezeke, Mutharika nayenso sanapezeke. Anabwera ndi Dalitso Kabambe, Atupele Muluzi ndi Joyce Banda. Taonani mmene zinthu zinatembenukira: amene anakonda mtsutso ali kotsutsa anausiya atalowa m'boma, ndipo amene anaukana ali m'boma anaupita atatuluka. Choncho polosera musafunse kuti munthuyu ndi wolimba mtima kapena wamantha. Funsani kuti wakhala pati.

Zipani zimapereka zifukwa zina, zakuti ndondomeko ya misonkhano yadzaza kapena kuti okonza mtsutsowo ali ndi mbali. Mwina nthawi zina zimakhala zoona. Koma masamu enieni amakhala aja tanenawa.

Kodi kusabwera kumamupweteka munthu pa chisankho?

Palibe lamulo limodzi. Joyce Banda anathera pa nambala yachitatu mu 2014, ndi mavoti okwana 20 peresenti, koma palibe amene angaiwale kuti nkhani ya Cashgate inali itaphulika chaka cham'mbuyo, ndipo imeneyo inali yolemera kuposa mpando wopanda munthu pa mtsutso. Mu 2025 awiri amene sanabwere ndiwo anagawana pafupifupi mavoti onse: Mutharika anapeza pafupifupi 57 peresenti, Chakwera 33, pamene atatu amene anabwera aja, kuwaphatikiza pamodzi, sanafike 10 peresenti.

Ku Kenya zinayenda mbali zonse ziwiri. Mu 2017 Uhuru Kenyatta anakana, Raila Odinga n'kuima yekha pa nsanja, koma Kenyatta anakhalabe pampando. Mu 2022 Odinga ndiye anakana, William Ruto n'kutsala yekha akuyankha mafunso dziko lonse likumumvera popanda womutsutsa, ndipo Ruto anapambana mwapang'onong'ono.

Ndikafuna kulosera, ndiyang'ane chiyani mwa munthuyo?

Choyamba iwalani misonkhano. Munthu wodziwa kugwedeza bwalo la Njamba kapena Masintha sizitanthauza kuti angayankhe funso la ngongole za boma mumphindi ziwiri. Pa msonkhano amatenga mphindi khumi akupereka ulemu kwa mafumu ndi akuluakulu a chipani, kenaka nthabwala, kenaka nyimbo. Pa mtsutso belu limalira asanafike pa mfundo.

Chimene chimathandiza ndi kufufuza nthawi imene munthuyo anafunsidwapo ndi munthu wosamuopa. Mverani mmene anachitira pa pulogalamu ya mafunso okhwima pa wailesi, m'Nyumba ya Malamulo, kapena pamaso pa atolankhani akunja. Musalabadire yankho loyamba, chifukwa limenelo amakhala ataloweza. Dikirani funso lotsatira, pamene mtolankhani wanena kuti "Bwana, simunayankhe, ndalama za feteleza ameneyu zichokera kuti?" Pamenepo ena amaseka n'kupereka nambala. Ena amayamba kufotokoza mbiri ya chipani chawo kuyambira 1994. Ena nkhope imasintha, mawu amakwera, n'kuyamba kukalipira wofunsayo. Mmene munthu amachitira pa funso lachiwirili ndi mmenenso adzachitire pa mtsutso, chifukwa khalidwe lotere silisintha m'sabata imodzi.

Ntchito imene anagwira kale imanenanso zambiri, ngakhale iliyonse ili ndi msampha wake. Chakwera anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kwa zaka zoposa 20, ndipo mlaliki sasowa mawu. Vuto la guwa n'lakuti palibe amene amadula ulaliki n'kufunsa umboni. Malemu Chilima anachokera ku utsogoleri wa kampani ya Airtel, kumene munthu amazolowera kufotokoza dongosolo mwachidule. Kabambe anali mkulu wa Reserve Bank, ndipo katswiri wa zachuma manambala amawadziwa, koma akhoza kuwathira ochuluka mpaka mlimi wa ku Mchinji n'kutseka wailesi. Mphunzitsi wa kuyunivesite anazolowera ola lathunthu m'kalasi mopanda womuletsa. Zonsezi n'zongokuthandizani poyambira, osati chigamulo.

Kodi amene ali pampando sakhala ndi mwayi, poti nkhani za boma akuzidziwa bwino?

Ambiri amaganiza choncho, koma ku America, kumene pulezidenti sangathe kuzemba mtsutso mosavuta, zaoneka mobwerezabwereza kuti wokhala pampando amachita moipa pa mtsutso woyamba. Ronald Reagan mu 1984 anasokonezeka pamaso pa Walter Mondale. George W. Bush mu 2004 kamera inkamugwira akukwinya nkhope John Kerry akulankhula. Barack Obama, amene aliyense ankamudziwa kuti pakamwa ndi katswiri, pa 3 Okutobala 2012 ku Denver ankangoyang'ana pansi ngati wotopa, ndipo Mitt Romney anamupitirira kutali.

Chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Munthu akakhala zaka zinayi kapena zisanu akulowa m'chipinda anthu n'kuimirira, aliyense akuyankha kuti inde bwana, amaiwala mmene zimamvekera kuuzidwa pamaso kuti wanama. Pamene wopikisana nayeyo wakhala akukangana ndi anthu tsiku ndi tsiku, ndipo ku America amakhala atangomaliza kumene mitsutso yambiri ya m'chipani mwake. Komanso wa pampando ali ndi mlandu woti ayankhe: mafuta a galimoto asowa, chimanga chakwera, ndalama zakunja kulibe. Mnzakeyo amangolonjeza.

Kwathu kuno pali gulu lina lovuta kulilosera: amene akudzudzula boma limene iwo omwe anali momwemo. Mu 2019 Chilima anali wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo Atupele Muluzi anali nduna ya zaumoyo. Munthu wotere funso lakuti "nanga inu munali kuti?" limamudikira. Ngati pa zokambirana zake ndi atolankhani sanapezebe yankho lomveka la funso limeneli, dziwani kuti pa mtsutso adzapunthwa pomwepo.

Kodi malamulo a mtsutsowo ali ndi ntchito?

Kwambiri, ndipo ambiri olosera sawawerenga. Pa nsanja pakakhala anthu asanu ndi atatu kapena kuposa, aliyense amalankhula mphindi zochepa usiku wonse, ndipo amene amakumbukika ndi wa nthabwala kapena wolankhula mosapsatira. Ku Kenya mu 2013 mphunzitsi wina wosadziwika, Mohammed Abduba Dida, ndiye anali pakamwa pa aliyense mawa lake, ngakhale mavoti sanapeze ambiri. Pakakhala awiri kapena atatu, wopanda mfundo alibe pobisala.

Funsaninso ngati opikisana amaloledwa kufunsana okhaokha, ngati wofunsa ali ndi mphamvu zobwereza funso, ndi ngati m'holomo muli ochemerera. Mtsutso wa Donald Trump ndi Joe Biden wa pa 29 Seputembala 2020 unasanduka phokoso lokhalokha chifukwa cha kudulana mawu, mpaka okonza anayamba kumazimitsa maikolofoni. Mu Juni 2024 lamulo lozimitsa maikolofoni, limene mbali ya Biden inalifuna, linathandiza Trump: anaoneka wodekha, ndipo Biden anasiyidwa yekha akuvutika kumaliza ziganizo popanda womusokoneza.

Maonekedwe, thanzi ndi msinkhu zimalowapo bwanji?

Kamera ilibe chisoni. Mu 1960 Nixon anali atangotuluka kumene m'chipatala chifukwa cha bondo, ataonda, anakana kudzola zodzoladzola za pa kanema, ndipo thukuta linkaoneka pankhope. Kennedy anali atapuma mokwanira. George Bush wamkulu, bambo ake a George W. Bush, mu 1992 anayang'ana wotchi yake pakati pa mtsutso umene anthu wamba ndiwo ankafunsa mafunso, ndipo oonera anati watopa nawo. Al Gore mu 2000 ankausa moyo mokweza mnzake akamalankhula. Zinthu zazing'ono chonchi n'zosatheka kuzilosera chimodzichimodzi, koma munthu wodzimva amadziwika kale, ndipo kamera ikamuloza mnzake akulankhula, kudzimvako kumatuluka.

Za msinkhu, chitsanzo chachikulu ndi cha pa 27 Juni 2024 ku Atlanta. Biden, wa zaka 81, mawu anali atasasa ndipo ankataya mfundo pakati pa chiganizo. Zizindikiro zinalipo kale: kwa nthawi yaitali ankapewa zokambirana zazitali ndi atolankhani. Ngati omuzungulira mtsogoleri akumubisa kwa ofunsa mafunso, iwowo akudziwa chinachake. Komabe ukalamba pawokha sugwetsa munthu. Reagan, wa zaka 73, atafunsidwa za msinkhu wake pa mtsutso wachiwiri wa 1984, anayankha mwanthabwala kuti sagwiritsa ntchito ubwana wa mnzakeyo pofuna mavoti. Mondale yemwe anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amakonzekera bwanji, ndipo kukonzekera kwambiri kumatsimikiza chipambano?

Zipani zolongosoka zimapeza munthu woti ayerekeze kukhala wopikisana naye, n'kumamuthira mtsogoleri wawo mafunso opweteka kuchipinda. Mu 2012 John Kerry ndiye ankasewera Romney pokonzekeretsa Obama. Koma kukonzekera kuli mitundu iwiri. Kuloweza manambala kumalemetsa mutu. Reagan atalephera pa mtsutso woyamba mu 1984, anzake anadandaula kuti alangizi anamudzaza ziwerengero mopitirira muyezo. Biden anakhala pafupifupi sabata yathunthu akukonzekera ku Camp David, malo opumulirako apulezidenti a ku America, mu 2024, koma sizinamupulumutse. Kukonzekera kothandiza ndi kopeza yankho la funso limene munthu amaliopa kwambiri. Michael Dukakis, amene ankafuna upulezidenti ku America mu 1988, anafunsidwa ngati angafune chilango cha imfa munthu wina atagwiririra ndi kupha mkazi wa Dukakisyo. Anayankha mozizira ngati akuwerenga lipoti, ndipo anthu anati alibe mtima.

Pa ndale zathu funso lenileni ndi lakuti: m'chipanimo alipo amene angayerekeze kuuza mtsogoleri kuti "Bwana, yankho limenelo silinamveke, bwerezani"? Chipani chimene aliyense amagwada sichingakonzekeretse munthu.

Chifukwa chiyani zipani zina zimatama mdani wawo mtsutso usanachitike?

Chifukwa anthu sayeza munthu ndi mnzake yekha, amamuyezanso ndi zimene ankayembekezera. Amene aliyense ankati akachita chibwibwi, akangolankhula zomveka, amatuluka ngati ngwazi. Amene ankatamidwa kuti akawapha onse, akangochita bwino pang'ono, anthu amati wakhumudwitsa. Paja akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mu 2004 mlangizi wina wa Bush anafika ponena kuti Kerry ndi katswiri wa mtsutso woposa onse chichokereni Cicero, katswiri wa kulankhula wa ku Rome wakale, cholinga chake n'chakuti Kerry akachita bwino anthu asadabwe. Otsatira zipani zathu amachita zosemphana ndi zimenezi: amadzaza Facebook ndi matamando a munthu wawo, osadziwa kuti akumukwezera chingwe choti adumphe.

Poti ambiri kumudzi alibe kanema, zonsezi zimawakhudza?

Apa m'pamene olosera a m'tauni amaphonyera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse m'Malawi amakhala kumidzi, ndipo nyumba za wailesi ya kanema n'zochepa poyerekeza ndi za wailesi wamba kapena foni. Womvera pa wailesi saona suti kapena thukuta. Amamva mawu, kudekha, ndi chilankhulo. Funso likafunsidwa m'Chingerezi n'kuyankhidwa m'Chingerezi cha kuyunivesite, gogo wa ku Ntchisi watsala. Wandale amene amatha kutembenukira ku Chichewa n'kufotokoza kugwa kwa kwacha kudzera pa mtengo wa sopo ndi mchere amafika kutali kuposa amene wagoletsa m'holo ya ku Lilongwe.

Nkhani yotchuka yakuti omvera pa wailesi mu 1960 anati Nixon ndiye anapambana inachokera pa kafukufuku wochepa amene akatswiri ambiri amamukayikira, choncho musaidalire kwambiri. Chimene chili chotsimikizika masiku ano n'chakuti anthu ambiri saonera mtsutso wonse. Amalandira kachidutswa ka masekondi 30 pa WhatsApp, kodulidwa ndi munthu wa chipani. Polosera, dzifunseni kuti ndani ali ndi chizolowezi chotulutsa chiganizo chimodzi chonyamulika, chabwino kapena chochititsa manyazi, ndipo ndani ali ndi anyamata ofulumira kuchifalitsa.

Amagamula ndani kuti uyu wapambana?

Palibe woimbira. Ku America makampani a kafukufuku amafunsa oonera usiku womwewo, koma ngakhale kumeneko maganizo amasintha atolankhani akayamba kubwereza mbali imodzi. Mu 1976 Gerald Ford ananena kuti Soviet Union sikulamulira mayiko a kum'mawa kwa Europe. Oonera ambiri sanaone vuto pa nthawiyo, koma nkhani zitabwereza mawuwo mawa lake, chigamulo chinatembenukira kwa Jimmy Carter.

Mavoti a pa Facebook akuti "wapambana ndani" ndi mpikisano wa chipani chimene chili ndi mabando ambiri. Akatswiri oyankhulapo pa wailesi amverereni, koma muyambe mwadziwa kumene mtima wawo uli. Kafukufuku wa mabungwe ngati Afrobarometer kapena IPOR ya ku Zomba ndi wothandiza pa funso lina, la amene akutsogola. Mu 2025 IPOR inaonetsa Mutharika ali patsogolo chisankho chisanachitike, ndipo zimenezo zikufotokozanso zimene tanena pa funso la kusabwera.

Kodi wopambana mtsutso ndiye amapambana chisankho?

Kawirikawiri ayi. Kerry anapambana mtsutso woyamba mu 2004 n'kugonja. Romney chimodzimodzi mu 2012. Hillary Clinton mu 2016 kafukufuku anamupatsa mitsutso yonse itatu, woyamba unaoneredwa ndi anthu 84 miliyoni, koma ku White House kunalowa Trump. Kamala Harris anamuposa Trump pa 10 Seputembala 2024 ku Philadelphia, n'kugonja mu Novembala. Reagan, atachita moipa muja mu 1984, anatenga zigawo 49 mwa 50. Ku Britain mu 2010 Nick Clegg anatchuka usiku umodzi, koma chipani chake chinatsika kuchoka pa mipando 62 kufika pa 57. Akatswiri awiri, Caroline Le Pennec ndi Vincent Pons, atasanthula mitsutso 56 ya pa kanema m'mayiko angapo, anapeza kuti sisintha kwenikweni mmene anthu amavotera.

Kwathu kuno mphamvu ya chigawo, mtundu, mtengo wa chimanga ndi mgwirizano wa zipani imaposa usiku umodzi wa pa kanema. Chilima, amene ambiri ankamutama pa kalankhulidwe, anapeza 20 peresenti mu 2019. Chimene chinasintha zinthu pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale ndi mgwirizano wa Tonse, osati mtsutso.

Ndiye ndi liti pamene mtsutso umasinthadi zinthu?

Pamene utsimikizira chinthu chimene anthu ankachikayikira kale. Anthu ankanong'onezana za ukalamba wa Biden. Mtsutso unawaonetsa ndi maso, ndipo pa 21 Julayi 2024 anasiya mpikisano. Mu 1980 anthu anali atatopa ndi Carter koma ankamuopa Reagan. Mtsutso wawo umodzi wokha, sabata imodzi chisankho chisanachitike, unawachotsa manthawo.

Umagwiranso ntchito pamene ovota sakuwadziwa opikisana. Ku Sierra Leone mu 2012 ofufuza anayenda m'midzi akuonetsa makanema a mitsutso ya ofuna uphungu, ndipo anapeza kuti oonerawo anadziwa zambiri za opikisana, ena n'kuvotera amene anayankha bwino. Izi zikusonyeza kuti mtsutso wa aphungu ndi makhansala ukhoza kukhala ndi mphamvu kuposa wa apulezidenti, amene aliyense anawagamula kale mumtima.

Palinso lamulo la 50+1 limene tikutsatira chiyambire 2020. Tsiku limene chisankho chidzapite ku gawo lachiwiri, anthu awiri okha atatsala ndipo otsatira zipani zogonja akusowa kolowera, mtsutso udzalemera kuposa kale, ndipo kuukana kudzakhala kodula.

Nanga mtsutso wa oyenda nawo, ofuna kukhala achiwiri kwa pulezidenti?

Njira yolosera ndi yomweyo ya funso lachiwiri lija, kungowonjeza chimodzi: munthuyu akuteteza mfundo ndi mbiri za wina, choncho onani ngati manifesito a chipani anawawerengadi, makamaka ngati wangolowa kumene kuchokera ku chipani china kapena ku bizinesi. Wailesi ya Zodiak yakhala ikukonza mitsutso yotere. Pa mavoti mphamvu yake ndi yochepa kwambiri; ku America mu 1988 Lloyd Bentsen anamuchititsa manyazi Dan Quayle, koma Quayle ndiye anakhala wachiwiri kwa pulezidenti. Chifukwa chouonerera n'china. Mu Epulo 2012 Bingu wa Mutharika atamwalira, malamulo anapereka mpando kwa wachiwiri wake, Joyce Banda, amene anamaliza zaka ziwiri zotsalazo.